Kalata yotseguka kwa oyang'anira mzinda wa Lusaka: ndiuzeni pobzala misuku ya amayi anga

Kwa inu akuluakulu amene mumagawa malo, kulamula za misewu ndi ngalande, ndi kuyang'anira manda ndi nkhalango za mzinda wathu wa Lusaka,

Landirani moni wanga nonse. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mtendere m'nyumba yomwe ndinabadwiramo, ndipo chibadwire sindinalembepo kalata kwa munthu waudindo. Lero ndalemba chifukwa ndasenza mawu a munthu wakufa, ndipo ndasowa powatula.

Amayi anga, Anaphiri, anatisiya mu Ogasiti 2024 ali ndi zaka 71. Chaka chakwana, ndipo pagulu lathu la pabanja la pa WhatsApp nkhani ndi ya chiliza basi: aliyense asonkhe zingati, mwala ukhale wakuda kapena wotuwa, tilembepo vesi liti. Koma eniake anachikana chilizacho akadali moyo. Ananena kangapo konse, komaliza ali chigonere pamphasa m'sabata yomwe anamwalira: "Musadzanditseke ndi simenti ngati chimbudzi chodzaza. Mudzandibzalire mtengo." Tinaseka, iwonso anaseka mpaka kutsokomola, koma sinali nthabwala.

Ndinapita kumanda komwe tinawagoneka kukapempha. Anandiuza kuti mtengo suloledwa chifukwa mizu imagumula manda a ena. Ndinati nanga m'mbali mwa njira, kapena kumpanda? Ananditumiza ku ofesi ina. Kumeneko ananditumiza kwina, ndipo kwinako abwana anali kumsonkhano maulendo onse atatu amene ndinapitako. Sinditchula dzina la mandawo kapena la ofesi iliyonse, chifukwa palibe amene anandichitira mwano. Mtsikana wa pakhomo mpaka anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Onsewo ankangotsatira zimene anazipeza. Ndiye ndaona kuti ndilembere inu amene mumakonza zimene iwo amatsatira.

Amayi anabwera ku Lusaka mu 1976 kuchokera kumudzi kwathu kufupi ndi Katete, kutsatira abambo amene anali atapeza ntchito yoyendetsa lole. Puloti yomwe anaipeza inali mbee, dothi lofiira ndi miyala, popanda ngakhale kamthunzi koti nkhuku n'kubisalapo. Katundu wawo anali mphika, mthiko, mphasa, ndi chitenje chakale chomangidwa mfundo zambirimbiri. Mfundo iliyonse inali ndi mbewu yake: nthanga za maungu, khobwe, therere, chitowe, mpiru. Abambo ankakonda kunena kuti anakwatira nkhokwe.

Pamene ine ndimayamba kuzindikira, pabwalo pathu panali mitengo inayi ya mango, mtengo waukulu wa peyala kuseri kwa nyumba, amene kuno timati kotapela, magwafa, mandimu, mabulosi, ndi mapapaya osawerengeka. Musaganize kuti tinali ndi mpopi pakhomo masiku amenewo. Madzi tinkasenza pamutu kuchokera kumpopi wa gulu, ndipo lamulo la pakhomo pathu linali lakuti madzi satayidwa atagwira ntchito imodzi yokha. Otsukira mpunga ndi ndiwo ankapita ku mbande. Otsukira mbale ankapita ku nthochi. Osamba ndi ochapira, poti ali ndi sopo, ankapita kumitengo ikuluikulu yokha. Mwana akangokhuthula beseni pabwalo chisawawa, ankamva mawu kuchokera kukhitchini: "Wamwetsa ndani pamenepo?"

Nazale yawo inali pansi pa mango wa kumpanda. Machubu ogula analibe. Ankafesa m'zitini ndi m'timatumba ta mkaka, koma makamaka m'mapaketi a Chibuku, amene ankati ndi abwino kuposa zonse chifukwa ndi aatali, muzu umapeza kolowera. Ndiye taganizirani mayi wa Chigwirizano, atavala yunifolomu yake akuchokera kutchalitchi, atawerama kuseri kwa thaveni kutola mapaketi a mowa n'kumaponya m'thumba. Nkhani inafika kwa akulu a mpingo. Mkulu wina anabwera kunyumba kuti adzacheze nawo mwachikondi, monga amanenera, ndipo anabwerera kwawo atanyamula mbande ziwiri za mandimu m'mapaketi omwewo.

Mbandezo sankagulitsa, ngakhale m'zaka zimene ndalama ya sukulu inkasowa. Ankapatsa anthu. Wobereka mwana ankalandira papaya, chifukwa papaya sachedwa, mwanayo akamayamba kudya amapeza zofewa zili pakhomo. Wolowa nyumba yatsopano ankalandira mango kapena peyala. Koma wolandira mbande kwa Anaphiri ankakhala ngati watenga mwana wa eni kuti alere, mwiniwake ankabwera kudzamuona. Loweruka madzulo ankazungulira komboni, n'kumaodira khomo ndi khomo: "Odi kuno! Ndabwera kudzaona mtengo wanga." Akaupeza utauma ankakalipa pang'ono, chapansipansi, kenaka sabata yotsatira ankabweretsa wina. Anthu a lendi ena ankakana, amvekere ndibzalirenji pamalo a landilodi, mawa lomwe andithamangitsa. Amayi ankangofunsa kuti, "Mango amene unkadya uli mwana unabzala ndiwe?"

Nyengo ya mango pakhomo pathu pankakhala ngati pasukulu. Lamulo linali losavuta: osagenda, upemphe, udyere pomwepo, njere usiye m'beseni. Msonkho unali umenewo, ndipo njere zomwezo ndizo zinkabwerera m'mapaketi.

Mtengo umene unawavutitsa kwambiri ndi msuku. Chaka ndi chaka masuku akayamba kufika mumzinda m'mabeseni, cha mu Novembala ndi Disembala, ankagula, ndipo tikadya ankafesa njere tsiku lomwelo, chifukwa njere ya suku ikangouma yafa. Zinkamera bwinobwino, kenaka masamba n'kuchita chikasu, n'kufota. Anayesa manyowa a nkhuku, anayesa phulusa, osaphula kanthu. Tsiku lina mu 1988, pobwera kumaliro kumudzi, anatsika basi ndi thumba la ufa lolemera, ife n'kuthamangira poganiza kuti ndi mtedza. Linali dothi. Analikumba pansi pa misuku ya kuphiri kwathu, n'kulilipirira pabasi ngati katundu, kondakitala akuwaseka ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 500. Anati msuku ukufuna dothi la kwa amake. Mbande za chaka chimenecho zinagwira, ndipo ina mwa misukuyo ili pabwalo pathu mpaka lero. Patapita zaka zambiri mwana wanga, amene anaphunzira zaulimi, anandiuza kuti agogo ake sanalakwe: mizu ya msuku imakhalira limodzi ndi tizamoyo ta mtundu wa bowa topezeka m'dothi la kunkhalango, ndipo popanda timeneti mtengowo umavutika kudya. Anandiuzanso zomwe amayi ankanena kale mwanjira yawo, kuti misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndiye wobzala umodzi wokha angathe kudikira moyo wake wonse osalawa suku. Iwo ankabzala itatuitatu.

Za kupatsa kwawo sindinena zambiri, chifukwa akanakhalapo akanandiletsa. Nyumba yathu ya zipinda zitatu inali ngati siteshoni yachiwiri ya anthu a kum'mawa. Munthu ankatsika basi ndi kapepala kolembedwa kuti "Anaphiri, Mtendere, nyumba ya mitengo," ndipo ankafika. Ena anabwera kudzafuna ntchito, ena kudzadwazika matenda kuchipatala chachikulu cha UTH, ena sitinadziwe n'komwe chibale chake. Ife ana tinkagona pansi pa tebulo. Mu Juni 1990, mtengo wa ufa utakwera, mzinda n'kuwira, masitolo kuswedwa, anthu kuletsedwa kuyenda usiku, amayi anatsitsa zikwatu zawo zonse za mfutso ndi maungu omwe anali padenga, n'kugawira mzere wonse wa nyumba zathu. M'zaka zotsatira, pamene Edzi inkalowa khomo ndi khomo, ana anayi amene sanali a m'mimba mwawo anakulira pambale yathu. Ndikadandaula kuti ndiwo zachepa ankati kupatsa n'kuika, ndipo ine ndinkapsa mtima chifukwa choikidwacho sindinkachiona.

Ankagawiranso zamoyo zosatha kunena zikomo. Pansi pa mgwafa panali phale la mbiya yosweka lomwe linkakhala ndi madzi a mbalame chilimwe chonse. Papaya wa pamwamba penipeni sankathyoledwa, anali wa apumbwa. Akapeza nanzikambe akuwoloka msewu ankamunyamula pakamtengo n'kukamusiya kumpanda, ana akukuwa ndi mantha. Chaka china kadzidzi anayamba kugona mu peyala uja, ndipo anansi anabwera gulu kudzapempha kuti mtengowo udulidwe chifukwa kulira kwake kukuitana maliro. Amayi anawatengera kuseri, n'kutola timibulu timene kadzidzi amalavula, n'kutiphwanya ndi kamtengo. Munali ubweya ndi timafupa ta makoswe. "Mfiti yanu ndi imeneyi," anatero, "ikukulonderani ufa." Peyalayo alipobe.

Tsono akuluakulu, ndifike kwa inu. Mzinda uno unakhala likulu mu 1935, boma la atsamunda litasamuka ku Livingstone, ndipo amene anaujambula anafuna kuti ukhale mzinda wa minda ndi mitengo. Dzina lija loti Garden City linachokera pamenepo. Koma mundawo unathera kumayadi. Ku Ridgeway, Rhodes Park ndi Longacres anabzala mitengo m'mbali mwa misewu, ina ndi jakaranda wochokera ku South America, amene amayala maluwa pansi mu Seputembala ndi Okutobala. Ife a m'makomboni sitinali pamapu amenewo. Komabe lero mukaima pamalo okwera n'kuyang'ana Mtendere, Kalingalinga, Chawama kapena Matero, muona zobiriwira pakati pa malata. Yang'anitsitsani: ndi mango, mapeyala, magwafa ndi mabulosi. Palibe ofesi imene inabzala imeneyo. Inaleredwa ndi azimayi ngati amayi anga, ndi madzi otsukira mbale, popanda malipiro, ndipo sinalembedwe m'buku lililonse la boma.

Chosalembedwa chimadulidwa mosavuta. Cha mu 1985 amayi anabzala mibawa itatu podikirira basi kufupi ndi kwathu, chifukwa ankamva chisoni kuona azimayi apakati ataima padzuwa. Anaitchinga ndi minga ndi zidutswa za malata, ndipo kwa zaka zitatu ine ndi mng'ono wanga tinkasenza ndowa kukaithirira, tikung'ung'udza njira yonse. Inakula. Pansi pake panakhazikika mayi wa tomato, mnyamata wosoka nsapato, ndi madala a nsolo. Kenaka kunabwera ntchito yokuza msewu ndi kukumba ngalande. Msewuwo tinkaufuna, sindinama. Matope a kwathu ankameza nsapato. Koma m'mawa umodzi makina anagwetsa mibawa yonse itatu isanakwane teni koloko, mitengo ya zaka zoposa 30. Palibe anafunsa kuti anabzala ndani, ndipo ntchito itatha palibe anabwera kudzabzala ina. Amayi sanalire, sanatukwane. Anatenga lichero n'kupita kukatola njere panthambi zogwazo, ogwira ntchito akuwayang'ana ngati wamisala. Ana a mibawa imeneyo ali m'mabwalo a anthu, koma podikirira basi paja sipangabzalidwenso kanthu, chifukwa simenti inayalidwa kuchokera paphula mpaka kumipanda. Mayi wa tomato uja tsopano amakhala pansi pa ambulera yothyoka.

Mukamapereka ntchito ya msewu mumalemba kunenepa kwa phula ndi kuya kwa ngalande, ndipo womanga salandira ndalama yomaliza mpaka mutaona kuti zalembedwazo zachitika. Lembanimonso mitengo. Wodula asiye maenje a dothi m'mbali mwa msewu, abzale, ndipo gawo la ndalama yake lidikire mpaka mitengoyo itadutsa zilimwe ziwiri.

Ndikudziwa kuti mumabzala. Chaka chilichonse pa 15 Disembala nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa, ndipo timakuonani pa TV mutagwira makasu. Amayi anapitako kamodzi ku mwambo wotere ndi gulu la azimayi anzawo. Anabwerako ndi tisheti ndi botolo la madzi, koma osakondwa. Anati keni yothirira inali yatsopano, yomangidwa kaliboni, ndipo mlendo wolemekezeka atathira madzi n'kujambulidwa, keniyo inabwezedwa m'galimoto. Mu Okutobala wotsatira anakwera minibasi ndi ndalama yawo kukaona malowo, n'kupeza maenje ndi timitengo touma. Sizodabwitsa. Mvula yathu imaleka cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo mbande imayenera kupirira miyezi 6 kapena 7 ya chisanu, mphepo, dzuwa, mbuzi ndi moto kuti idzaonenso chizimalupsa. Ndiye mtengo wobzalidwa mu Disembala muziuwerenga mu Okutobala. Ndipo ngati mukufuna kukaupeza wamoyo, upatseni mwini. Magulu a azimayi a m'matchalitchi, a m'misika ndi a chilimba alipo kale m'komboni iliyonse, safunika kuwakhazikitsa ndi msonkhano wa kuhotela. Apatseni mbande, zambiri zikhale za zipatso, muwaonetse pobzala pasukulu, pamsika ndi pakiliniki, ndipo muwauze poyera kuti mtengo umenewo palibe adzaudule osawafunsa.

Amayi sukulu sanapite nayo patali, koma ankadziwa kuti Lusaka wakhala pamwala wa laimu wobowokabowoka, ndi kuti gawo lalikulu la madzi amene timamwa limachokera pansi pathu pomwepa, ena n'kuchokera kumtsinje wa Kafue. Ankati mvula ndi mlendo, ukamutsekera khomo amalowera pazenera. Lero aliyense wopeza kandalama amawaka bwalo lonse ndi simenti, n'kubowola chitsime chake pakona. Tikutunga tonse, wobwezera palibe. Mvula ikagwa imathamangira m'ngalande ndi m'nyumba za anthu. Ku Kanyama ndi ku Misisi, kumene mwala uli pafupi ndipo madzi apansi sachedwa kukwera, amasakanikirana ndi za m'zimbudzi, ndipo zotsatira zake tinaziona mu 2017 ndi 2018, n'kuzionanso mu Januwale 2024 pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala cha kolera, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa kolera. Pamenepo pafunika zimbudzi zabwino ndi madzi a m'mipopi. Ndikungoti anthu okhala pamwamba pa chitsime chawo ayenera kusamala zimene akuika pachivundikiro.

Kum'mawa kwa mzinda kuli nkhalango ija tonse timaitcha Forest 27, yomwe inatetezedwa mu 1957 chifukwa ndi kumene madzi amalowera pansi n'kukatulukira mumtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu Chongwe. Pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zake zinachotsedwa pachitetezo, nyumba n'kuyamba kumera. Nkhaniyo inafika mpaka kumakhoti, ndipo inu mukuidziwa kuposa ine. Kwa amayi, mbali imeneyo inali kotola bowa. Mvula ikakhazikika ankalawirira ndi anzawo kusanache, n'kubwerako masana madengu ali tho, miyendo ili matope okhaokha, ndipo usiku umenewo mzere wonse unkanunkhira bowa wotendera. Bowa wa m'nkhalango samera pomwe mombo wadulidwa, ndipo salimidwa m'munda. Chatsalacho chisiyeni chikhale.

Zabwino ndizinenenso. Munachita bwino kutsegula Lusaka National Park mu 2015. Tinawatengerako amayi tsiku lina pa Khirisimasi. Zidzukulu zikusuzumira pazenera kufunafuna mbidzi, iwo ankangotchula mitengo mayina ngati akulonjera abale amene sanawaone kalekale: mombo, chitimbe, mpoza, mthethe. Pobwerera tinawapeza ndi njere pamfundo ya chitenje, ndipo tinangokhala chete mpaka titadutsa pageti.

Ndisadziyeretse. Nanenso ndimaphikira makala, amene kuno timati malasha, ndipo ndikudziwa kuti thumba lililonse lolowa mumzinda panjinga kapena palole unali mtengo kwinakwake ku Chongwe, ku Rufunsa kapena njira ya ku Mumbwa. Amayi nawonso anaphikira pambaula moyo wawo wonse. Kusiyana kwathu n'kwakuti iwo ankadziona kuti ali pangongole, ndipo ankabweza.

Chaka chawo chomaliza chinali cha chilala chija. Mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chinapserera m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola ochuluka patsiku, ndipo mpopi wathu unkatulutsa madzi pakati pa usiku, ukafuna. Amayi anali atafooka kale, miyendo itatupa, koma m'mawa uliwonse ankakhala pakampando pakati pa mapaketi awo ndi kapu yapulasitiki, n'kumagawa madzi mbande ndi mbande ngati namwino wogawa mankhwala. Tsiku lina ndinawakalipira kuti madzi akumwa akuchepa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye uchotse pa tiyi wanga."

Pamaliro anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu, ndipo mthunzi unawakwanira. Mnyamata amene ankalemba chipepeso m'kope anadabwa kuti ambiri akapereka ndalama ankawonjezera kuti, "Kwathu kuli mtengo wawo." Anayamba kulemba zimenezo kumapeto kwa kopelo, dzina la komboni ndi mtundu wa mtengo, mpaka anadzaza masamba anayi: Kalikiliki, Bauleni, Kaunda Square, Chainda, wina mpaka ku Kafue. Bambo wina amene sitinkamudziwa anati ana ake awiri anaphunzira ndi ndalama ya mapeyala a mtengo umodzi. Choikidwa chija ndinachiona tsiku limenelo.

Kenaka tinawanyamula kuchoka pamthunzi umenewo kupita kumanda, kumene dzuwa limaswa mtengo popanda mtengo woti liswe. Mizere ya simenti, matayilosi ndi zitsulo mpaka kumene maso alekezera, maluwa apulasitiki atapauka, fumbi likuuluka, nkhalamba zitakhala paziliza za eni chifukwa chosowa pousa. Inu amene munayendapo pa Great East Road kupita kum'mawa mukudziwa mmene manda athu Achewa amaonekera. Pakati pa minda yoti mbee mumaona kamsitu ka mitengo ikuluikulu yothithikana, ndipo mumadziwiratu kuti pamenepo ndi pamanda. Palibe amalowamo ndi nkhwangwa, ngakhale nkhuni zisowe bwanji. M'midzi yambiri mitengo yachilengedwe yatsala pokhapo, akufa ndi amene akutisungira mbewu. Nanga zinatheka bwanji kuti mumzinda manda akhale malo ouma kuposa ena onse?

Za mizu ndamva, ndipo sindikutsutsa. Mkuyu kapena bulugamu pakati pa manda othinana chonchija angawonongedi. N'chifukwa chake sindikupempha kubzala pamutu pa amayi penipeni. Ndikupempha kuti m'manda alionse a mumzinda muno mupatule malo m'mbali mwa njira ndi kuzungulira mpanda, akatswiri anu a zankhalango asankhe mitundu yoyenera, ndipo banja lofuna lizibzala pamenepo m'malo mwa chiliza kapena pamodzi nacho. Za othirira musade nkhawa. Mtengo wa pamsewu ulibe mwini, koma wa pamanda a mayi ake munthu saulekerera. Anthu amapita kale kumanda ndi zigubu kukatsuka matayilosi. Ndipo pamene mukutsegula manda atsopano, poti akalewa akudzaza, musamayambe n'kutumiza katapila kukagwetsa zonse zimene anazipeza.

Abale ena akuti ndikuchititsa banja manyazi, anthu aziti tinalephera kugulira mayi wathu mwala. Malume anena kuti tiike kamwala kakang'ono ka dzina ndi zaka, ndipo ndavomera, chifukwa zidzukulu ziyenera kudzapadziwa. Koma simenti yokuta manda onse ndakana, ndipo ndikanabe.

Pansi pa mango wa kumpanda uja pali misuku itatu yomwe amayi anafesa mu Disembala 2023, ija ankaimwetsa ndi kapu. Mapaketi ake atawola ndinaisamutsira m'zitini za penti pamodzi ndi dothi lake. Yafika m'bondo, mizu yatulukira pansi pa zitini n'kuyamba kugwira nthaka, ndipo dzinja lino likadutsa sidzasamutsikanso. Lolemba likudzali ndibweranso ku ofesi ija ndi kalatayi ndi kope la chipepeso. Ngati abwana adzakhalenso ali kumsonkhano, chonde musiye mawu kwa mtsikana wa pakhomo uja oti ndikakumbe pati.

Ine wanu,
Mwana wachisamba wa Anaphiri,
Mtendere, Lusaka.